Kompyuta Iliyonse ndi Mbewa Yake

Ndinafika ku Zikomobwana mwangozi. Minibasi inatitsitsa tonse pa siteji ya Tidikire, likulu la ufumuwo. Kondakitala anati tinyamuka ikadzaza. Ndinafunsa kuti imadzaza liti. Anandiyang'ana ngati ndatukwana amalume ake.

Ufumuwo ndi waung'ono. Phiri limodzi, msewu umodzi, nduna makumi atatu ndi ziwiri. Kulima salima kwenikweni. Amalandira. Mwana akabadwa, azamba sathamangira kuona ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Amayang'ana manja. Akatuluka atatambasula, amati, “Uyu ndi wathu.”

Pafupi ndi siteji pali laibulale. Chipinda chimodzi, denga la malata, mabenchi awiri. Ndinalowamo pothawa dzuwa. Woyang'anira ndi mayi Elube Nangondo. Afupi, a magalasi omanga ndi ulusi. Akhala pamenepo zaka makumi awiri. Mabuku alipo mazana anayi, ndipo amawadziwa ngati ana awo. Ili linanyowa chaka cha madzi osefukira. Ilo anabwereka abusa, linabwerako likununkha usipa.

Pa shelefu yapamwamba panagona mphaka wakuda, wa khutu limodzi lodukadukira. Dzina lake Kalaliki. Ntchito yake makoswe. Kuseri kwa laibulale kuli nkhokwe ya chimanga cha thandizo, ndipo makoswe akakhuta kumeneko amafuna buku lotsukira m'kamwa. Zaka zisanu ndi zinayi Kalaliki sanalole ngakhale tsamba limodzi.

Pa benchi panali mayi wina wathupi, dengu la tomato lili pambali. Mayi Dofa, a mumsika. Amabwera masana aliwonse kudzawerenga masamba atatu a buku limodzi lomwelo, lotchedwa Telala wa pa Mlatho. Amawerenga ndi chala, milomo ikugwedezeka. Ndi nkhani ya mtsikana Rozina amene akufunsiridwa ndi amuna awiri, telala ndi dalaivala wa lole.

“A Nangondo, musandiuze mathero ake,” anatero osadzutsa mutu.

“Wakuuzani ndani? Mwakhala mukundiletsa kuyambira Malichi.”

“Ndikuona pakamwa panu pakuyabwa.”

Panja panadutsa galimoto ya chimkuzamawu. Onse kubwalo la mfumu. Kwabwera kalata.

Ku Zikomobwana mlendo wonyamula chikwama cha zipi saletsedwa kulowa m'bwalo. Amati mwina ndi wopereka thandizo. Anandipatsa malo kutsogolo.

Mfumu Tambasula Wachinayi imakhala pa mpando wozulirapo mano. Unabwera ngati thandizo la chipatala, koma unasochera njira. Mfumu ikakondwa imaugoneka chagada. Ikakwiya imaudzutsa. Anthu sayang'ana nkhope yake. Amayang'ana mpando.

Nduna ya Zolandira, a Dzoole, inaimirira ndi envulopu. Kalatayo inachokera ku Bungwe la Abwenzi a Kutsidya. Laibulale ya Tidikire yasankhidwa. Ilandira makompyuta khumi ndi magetsi adzuwa. Mpando unagona. Anthu anaomba m'manja.

“Koma pali mfundo zoyenera kutsata,” anatero a Dzoole. “Pakatha masabata atatu kubwera woyendera. Akapeza mfundo imodzi yaphonyedwa, katundu abwerera. Ndipo dzina lathu lichotsedwa pa mndandanda wa olandira.”

Mayi wina kumbuyo anakomoka.

Kalata inali m'Chingerezi, choncho anaitana womasulira wa mfumu, a Fulaide Chimtengo. Chingerezi chawo anachitola ponyamula zikwama pa hotela ina kunja kwa ufumu. Miyezi isanu. Kuyambira pamenepo amavala tayi ngakhale popita kukasamba.

“Mfundo yoyamba,” anawerenga a Fulaide. “Kompyuta iliyonse ikhale ndi mausi yake.”

“Mausi n'chiyani?” inafunsa mfumu.

“Mbewa, mfumu yanga.”

Mfumu inafunsanso.

“Mbewa mbewa?”

“Yeniyeni. Ya mchira. Anthu akunja saseka pa kalata.”

Mayi Nangondo anakweza dzanja. “Zikomo mfumu. Mausi yomwe akunenayo ndi kachipangizo kachingwe. Umakagwira chonchi, n'kumakasuntha patebulo.”

“Mayi,” anatero a Dzoole, “inu munanyamulapo chikwama cha mzungu?”

“Ayi, a Nduna.”

“Ndiye khalani pansi.”

Mkangano unayamba. Yamoyo kapena yapampani? Nduna ya Zaumoyo inati yamoyo, chifukwa yowamba siingafike sabata yachitatu nduna zikudutsa pamenepo. Nduna zinavomera. Zimadzidziwa. Nanga mtundu wanji? Wina anati kapuku, poti ndi wamafuta, asonyeza kuti thandizo tikulisamala. Wina anati kapuku amagona kwambiri, woyendera aganiza kuti ndi waboma. Anasankha komiti ya anthu khumi ndi awiri. Mkulu wina wosalala mutu anang'ung'udza kuti mbewa zikachuluka siziika masa. Anamumva. Anamuika mu komitiyo.

Kenaka Nduna ya Malamulo inadzuka pang'onopang'ono. “Ndamva kuti m'laibulale muli mphaka.”

“Amagwira makoswe okha,” anatero mayi Nangondo. “Khoswe si mbewa, a Nduna. Ngakhale mwana amadziwa. Mbewa ndi ndiwo. Khoswe ndi mbava.”

“Mphakayo amafunsa chiphaso asanagwire?”

Mpando wa mfumu unadzuka. Lamulo linatuluka tsiku lomwelo, n'kukhomedwa pa chitseko cha laibulale:

“Ife Tambasula Wachinayi, Wolandira ndi Manja Awiri, tikulamula. Choyamba, chilichonse cha ndevu ndi mchira chopezeka m'nyumba muno ndi wogwira ntchito wa boma. Chachiwiri, mphaka aliyense atalikire nyumba ino mapazi zana. Chachitatu, pasatuluke kanthu muno, ngakhale buku, kufikira woyendera ataona. Zikomo bwana.”

Malamulo onse kumeneko amatha choncho.

Pakhomo anaikapo msilikali. Kalaliki anachoka m'laibulale atanyamulidwa m'dengu la mayi Dofa, pamwamba pa tomato. Sanalire. Anangoyang'ana mayi Nangondo ngati munthu wochotsedwa ntchito popanda kalata.

M'mawa mwake ndinapita ku siteji. Minibasi inali ndi anthu anayi. Ndinatembenukira kumsika.

Msika unali utamva kale. A Gomeza, bambo wamasiye wogulitsa mbewa zapampani moyang'anizana ndi benchi ya mayi Dofa, anali atalemba chikwangwani ndi makala: GOMEZA TEKINOLOJE.

“Achimwene, mundipatse mpani umodzi wa tekinoloje,” anatero wakabaza wina. “Wothira tsabola.”

“Yatsopano kapena ya dzulo?”

“Yothamanga ndi iti?”

“Zonse zinkathamanga, mpaka zinakumana ndi ine.”

Mayi wogulitsa makala anati mwana wake akufuna kudzaphunzira za makompyuta, ndiye wamugulira khasu. Ayambe kukumba. Wometa tsitsi anati iye anadya tekinoloje kuyambira ali mwana, n'chifukwa chake amaganiza msanga. Kalaliki anali pansi pa benchi ya tomato. Anamuponyera mutu wa nsomba. Sanaununkhize n'komwe.

Makompyuta anafika Lachinayi. Makatoni khumi akuluakulu, khumi ang'onoang'ono. Akuluakuluwo sanatsegulidwe. Kutsegula kumafuna mfumu, riboni ndi gulu la zitoliro. Nduna zinatsegula ang'onoang'ono okha, poona ngati muli chodyedwa. Munali tizipangizo takuda, tosalala, tokwana m'dzanja, kalikonse ndi chingwe chake chachitali.

Mayi Nangondo anatsegula pakamwa.

“Mwaona?” anafuula a Fulaide. “Atumiza ndi zomangira zomwe! Chingwe m'chiuno mwa mbewa, cholemerachi kuti isathawe. Anthu awa amaganiza patali.”

Mayi Nangondo anatseka pakamwa.

Komiti inabweretsa akapuku khumi. Aliyense anamangidwa pa katoni yake. Anadya mtedza wa boma, n'kugona. Anthu anabwera kudzaona, mzere mpaka ku siteji. Ena podikira anatsegula mabuku, poti panalibe china chochita.

Makoswe nawo anamva za lamulo. Sindikudziwa anawawerengera ndani. Anayamba kulowa masanasana, pakhomo lenileni. Msilikali ankawachitira sailuti.

Sabata yoyamba anadya buku la matenda a mbuzi. Anatsiriza ndi chikuto chomwe. Kenaka analowa mu Malamulo a Ufumu wa Zikomobwana, mavoliyumu onse awiri. Palibe anazindikira. Mayi Nangondo anaika mabuku pa shelefu yapamwamba. Makoswe anakwera. Anawapachika kudenga ndi chingwe. Makoswe anatsika ndi chingwe chomwecho. Mayiwo anatenga tsache. Msilikali anatsokomola n'kuloza lamulo pachitseko.

“Kumenya wantchito wa boma, mayi.”

“Akudya mabuku a boma!”

“Ndiye ndi wantchito wa boma ndithu.”

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mayi Nangondo anakhala pa benchi, tsache pamiyendo, akumva phokoso la mano m'mashelefu. Kere kere kere. Tsiku lililonse ankasesa zinyenyeswa za mapepala n'kumazizindikira. Aka ndi ka buku la kasokedwe ka madiresi. Aka ndi ka mapu.

Lolemba la sabata yachitatu mayi Dofa anatembenuza buku lawo n'kukuwa. Chikuto chakumbuyo kunalibe.

“A Nangondo! Andiyambira kumapeto!”

“Ndinalibisa m'chitini. Anaboola chivundikiro.”

“Ine ndikuchokera koyambirira, iwo akuchokera kothera. Tikakumana pakati tiuzana chiyani?”

“Tsegulani tsamba lomaliza muwerenge lero lomwe. Likadalipo.”

“Ayi. Munthu sadya mchira wa nsomba asanadye mutu. Miyezi isanu ndayenda ndi Rozina. Ndikafika naye limodzi.”

“Ndiye ndikuuzeni.”

“Yesani. Tomato wanga simudzamuonanso.”

Mayi Dofa anayesa kulitulutsa pansi pa tomato. Msilikali analipeza. Anayesa kuwerenga masamba asanu ndi limodzi patsiku. Mutu unawapweteka, ndipo anasokoneza telala ndi dalaivala.

Madzulo a Lolemba lomwelo mayi Nangondo anapita ku ofesi ya a Dzoole kukapempha kope la kalata ija. Anati akufuna kuikhoma pakhoma kuti anthu azithokoza. Anawapatsa msanga. Anaiwerenga ali chiimire panja, chala chikutsika ndime ndi ndime. Pa mfundo yachisanu ndi chiwiri chala chinaima. Laibulale ikhale ndi katalogi.

Mayi Nangondo amadziwa katalogi. Ndi mndandanda wa mabuku onse ndi pamene ali. Yawo ili m'katoni ya nsapato, makadi mazana anayi olembedwa pamanja. Anavula magalasi. Anawapukuta nthawi yaitali. Kenaka analowera kumsika.

A Fulaide anali pa benchi ya a Gomeza, tayi ataiponya paphewa kuti isadonthere mafuta. Mayi Nangondo anafika n'kupinda maondo pang'ono. Sindinawaonepo akupindira munthu aliyense.

“Bambo Chimtengo, pepani ndakusokonezani. Ine Chingerezi changa ndi cha m'mabuku chabe, si cha zikwama. Mawu awa akuti chiyani? Kubwalo kuja sindinawamve.”

A Fulaide anayang'ana pepala. Kubwalo kuja mawuwo anali atawadumpha. Analeka kutafuna.

“Kata… katalo… Amenewa ndi mawu ozama, mayi.”

“Ndinaona. Ndimangomva ana a sukulu akuimba kuti kati ndi mphaka. Kaya n'zoona.”

“Zimenezo ndikudziwa! Kati ndi mphaka. Ndani sadziwa?”

“Nanga logi?”

“Logi ndi chipika,” analowerera a Gomeza, akutembenuza mipani. “Mlamu wanga ankagwira ntchito kocheka matabwa. Tsiku lonse logi, logi.”

“Ndimati ndinene,” anatero a Fulaide. Anaimirira. Nkhope inasintha. “Kati. Logi. Mphaka pa chipika. Mayo ine! Ndipo tamuthamangitsa!”

“Kodi?” anatero mayi Nangondo. “Ndiye mwatipulumutsa, bambo.”

Mayi Dofa anayang'ana mnzawo. Anayang'ana pansi pa benchi. Anayamba kutsokomola mpaka misozi.

Bwalo linakumana mwadzidzidzi. A Fulaide anafotokoza kuti atafufuza mozama apeza mfundo yobisika. Mpando wa mfumu unadzuka mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa.

“Ndiye mukundiuza kuti lamulo langa ndi lolakwa?”

Nduna ya Malamulo inayang'ana kudenga. Inaganiza. Inamwetulira.

“Lamulo silinalakwe, mfumu yanga. Linaletsa mphaka. Mphaka ndi wa pansi. Akakwera pa chipika salinso mphaka. Ndi katalogi.”

Mpando unatsika pang'ono.

“Nanga akatsika pachipikapo?” anafunsa a Dzoole.

Mayi Nangondo anakweza dzanja. Ulendo uno anawalola. “Akatsika ndiye kuti akufufuza m'mashelefu, a Nduna. Ndiyo ntchito ya katalogi. Kudziwa chili paliponse.”

“Sadya mbewa zathu?”

“Zomangidwa chingwe cha boma tiziike m'makola a waya. Zopanda chingwe sizili pa mndandanda.”

“Zosalembedwa,” inagwedeza mutu Nduna ya Malamulo. “Zimenezo boma silizidziwa.”

Mpando unagona chagada. Mfumu inalamula kuti chipika chikhale cha mlombwa. Anasankhanso komiti ya chipika. Mayi Nangondo sanaidikire. Anabwereka chipika chodulirapo nyama kwa wogulitsa nyama yambuzi.

Kalaliki anabwerera m'dengu lomwe lija, gulu la zitoliro lili patsogolo. Msilikali anam'chitira sailuti. Anamukhazika pa chipika. Anakhalapo mpaka nduna zitatsiriza kulankhula, maola awiri, ngati wamva zonse. Nduna yomaliza itatuluka, anatsika.

Zimene zinachitika m'masiku atatu otsatira sindifotokoza. Ndingoti katalogiyo inagwira ntchito. Mayi Nangondo ankatulutsa zotsatira zake ndi fosholo.

Woyendera anafika Lachisanu, pa galimoto yoyera yaitali. Anali ndi maufumu anayi oti awaone dzuwa lisanalowe. Sanatsike. Anatsitsa galasi mpaka pakati, n'kutulutsa pepala la timabokosi. Nduna makumi atatu ndi ziwiri zinawerama. A Fulaide anaima pakati.

“Makompyuta afika?”

“Onse khumi, bwana. Osakhudzidwa n'komwe.”

Anachonga.

“Mausi?”

“Iliyonse ndi yake. Zonenepa.”

Woyendera anakweza nsidze. Anayang'ana wotchi. Anachonga.

“Katalogi ikugwira ntchito?”

“Usana ndi usiku, bwana. Mofulumira zedi. Ikangomva kanthu, yapeza kale.”

“Anthu akubwera?”

A Dzoole analoza mzere wa odzaona akapuku. Unafika mpaka kumsika. Woyendera anachonga kawiri. Anati sanaonepo chidwi chotere m'maufumu onse. Anati gawo lachiwiri la thandizo likubwera, ndipo mabuku onse adzasungidwa mu mtambo. A Fulaide anamasulira. Galasi linakwera. Fumbi.

Nduna zonse zinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Mfumu inalamula komiti ya makwerero.

Mayi Nangondo sanayang'ane kumwamba. Analowa m'nyumba, anang'amba lamulo pachitseko, n'kuyamba kuwerenga makadi m'katoni ya nsapato. Mabuku makumi atatu ndi limodzi anapita. Otsalawo analipo. Anatenga kachipangizo kachingwe kamodzi, anakamasula kwa kapuku, n'kukaika m'kabati.

“Tsiku lina,” anatero, “mfumu ikadzapeza riboni.”

Lolemba kondakitala anayamba kuimba hutala. Anati kwatsala munthu mmodzi. Ndinalowa m'laibulale kukatsanzika.

Munali modzaza. Theka la msika linali mmenemo. Mayi Dofa anali pa benchi, chala pa tsamba lomaliza la Telala wa pa Mlatho. M'mphepete mwa tsambalo munali modyekadyeka ngati tsamba la mpiru, koma mawu analipo. Kalaliki anali pa chipika, akunyambita dzanja. A Gomeza anaima kutsogolo penipeni, atavala malaya ochapa.

“Werengani mokweza, amayi,” anatero wakabaza. “Ine ndili kwa dalaivala.”

“Telala!” anakuwa wogulitsa makala.

“Chete!” Mayi Dofa anakonza kukhosi. “‘Rozina anaima pa mlatho. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Mtima wake unali utasankha kale. Anatambasula dzanja lake n'kugwira dzanja la…’”

Anaima.

“La ndani?”

Mayi Dofa anakweza buku. Pamene panayenera kukhala dzina panali bowo. Lozungulira bwino, lokwana chala. Khoswe womaliza analuma kamodzi kokha.

Anthu anabuula. Onse anatembenukira kwa mayi Nangondo. Iwo anali ataliwerenga kale bukulo kasanu.

“Ndinene?” anafunsa mayi Nangondo.

“Musayerekeze,” anatero mayi Dofa. “Ndafika naye pa mlatho. Zotsalazo ndiona ndekha.”

Anaika bowolo pa diso n'kusuzumira. Mbali inayo kunali a Gomeza, akumwetulira ndi mano onse asanu.

Mayi Dofa anayang'ana nthawi yaitali. Anatsitsa buku. Analitseka bwinobwino n'kulipereka kwa mayi Nangondo.

“A Nangondo,” anatero, “mundipatse lina. Lopanda bowo.”